Kuwerenga mauthenga a m'magulu a WhatsApp mosataya bandulo, nthawi ndi ulemu

M'makomo ambiri masiku ano tsiku limayamba ndi kulira kwa foni. Munthu mukangoyatsa data m'mamawa, mauthenga amakhamukira ngati ngumbi pa getsi: gulu la banja, gulu la mpingo, la makolo a kusukulu ya ana, la banki m'khonde, la anzanu amene munaphunzira nawo ku sekondale, mwinanso lina limene latsegulidwa dzulo lokonzera maliro kapena chinkhoswe. Pakati pa zithunzi za maluwa zokufunirani tsiku labwino, makanema a nthabwala ndi maulaliki otumizidwa kuchokera kwina, pamabisala uthenga umodzi wofunika: malume agonekedwa m'chipatala, msonkhano wa makolo wasunthidwa, tsiku lobweza ngongole layandikira. Uthenga umenewo ndi umene ambiri timauphonya. Timadzaumva kwa ena patapita masiku, ndiye timayamba kupepesa.

Kukhala pa gulu n'chimodzimodzi kukhala pa bwalo. Pali nthawi yomvetsera ndi nthawi yoyankhula, ndipo pali nkhani zina zosayenera kutuluka nazo. Malangizo otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kuti iye ndiye azilamula foni yake, aziwerenga zofunika pa nthawi yake, ndipo bandulo yake izifika tsiku limene anaikonzera. Mayina a mabatani ndawalemba monga amaonekera pa foni zambiri za Android zimene zili m'Chingerezi.

Yambani ndi kusanja magulu

Khalani pansi tsiku limodzi madzulo, muwerenge magulu onse amene mulimo. Agaweni patatu m'maganizo mwanu: amene mukawaphonya pawonongeka kanthu, amene mungawawerenge kamodzi patsiku, ndi amene mungathe sabata osawatsegula popanda wodandaula.

A mtundu woyamba akhomereni pamwamba. Dinikizani dzina la gulu kwa kanthawi mpaka lisankhike, kenako gwirani kachizindikiro kooneka ngati kamsomali kokhomera mapepala. WhatsApp imalola kukhomera macheza atatu, choncho sankhani mosamala. Kwa ambiri atatuwo amakhala banja, ntchito kapena bizinesi, ndi sukulu ya ana.

A mtundu wachiwiri atontholetseni. Tsegulani gulu, gwirani dzina lake pamwamba, mupeze Mute. Mudzapatsidwa mwayi wosankha maola 8, sabata imodzi kapena nthawi zonse. Anzanu a pa gulu sadziwa kuti mwatero, ndipo mauthenga amapitiriza kufika, kungoti foni siliranso. Wina akakutchulani dzina kapena kuyankha uthenga wanu, foni imakudziwitsanibe.

A mtundu wachitatu asungeni mu Archive. Limeneli lili ngati sutikesi ya pansi pa bedi: gulu limachoka pamaso koma silitayika, ndipo mumalitsegula pamene mwafuna. Pamwamba pa mndandanda wa macheza palinso timabatani tolembedwa Unread ndi Groups. Mukagwira Unread mumaona okhawo amene simunawerenge, ndipo m'mawa wotanganidwa zimenezi zimapulumutsa nthawi.

Tsekani pamene bandulo ikudonthera

Mawu olembedwa sadya data yambiri. Chimene chimamaliza bandulo ndi makanema, zithunzi ndi mauthenga a mawu amene foni imatsitsa yokha musanaipemphe. Kaya muli pa Airtel kapena TNM, kanema mmodzi wa mphindi zingapo angadye data yoposa imene mauthenga olembedwa a sabata yonse angadye, ndipo kanema yemweyo angakufikireni katatu kuchokera m'magulu atatu.

Pitani ku Settings, kenako Storage and data. Pansi pa Media auto-download pali mizere itatu. Tsegulani wolembedwa When using mobile data, muchotse chizindikiro pa zonse: zithunzi, mawu, makanema ndi zikalata. Chitaninso chimodzimodzi pa When roaming, makamaka ngati mumawoloka malire kupita ku Chipata, Tete kapena Johannesburg. Mukatero, chithunzi chilichonse chidzayamba chaoneka mwachimbuuzi, kukula kwake kutalembedwa pakati. Inu ndiye mudzasankha chotsitsa. Mauthenga a mawu ojambulidwa pa WhatsApp pomwepo amatsikabe okha.

Pa tsamba lomwelo pali Manage storage. Kumeneko foni imakuonetsani gulu limene ladzaza malo kwambiri, zinthu zopitirira 5 MB, ndi zija zimene zatumizidwa kambirimbiri. Foni ikayamba kuchedwa kapena kukana kujambula chifukwa yadzaza, yambirani kusesa kumeneko. Musanafufute, onetsetsani kuti zithunzi za ukwati, za ana ndi za malisiti mwazisunga pena. Ngati simukufuna kuti zithunzi za gulu lina zizisakanikirana ndi za banja lanu, tsegulani dzina la gululo, mupeze Media visibility, musankhe No.

Kawerengedwe koyenera

Magulu okambirana kudzera pa makompyuta ndi akale kuposa WhatsApp, imene inayamba mu 2009. Mu 1980 ophunzira awiri a pa Duke University ku America, Tom Truscott ndi Jim Ellis, anakhazikitsa Usenet, kumene anthu ankalemberana m'magulu malinga ndi mitu ya nkhani. Mapulogalamu owerengera magulu amenewo ankakumbukira zimene munthu wawerenga kale ndi kuika mayankho pansi pa uthenga umene akuyankha, ndipo mlendo ankalangizidwa kuti ayambe wawerenga kwa kanthawi asanalembe kalikonse. Langizo limenelo likadali lamoyo.

Mukatsegula gulu lodzaza, WhatsApp imakufikitsani pa mzere wosonyeza pamene munalekezera. Yambirani pomwepo kutsika. Ambiri amathamangira pansi penipeni, n'kuyankha uthenga womaliza osadziwa kumene nkhani yachokera. Umo ndi mmene munthu amafunsira kuti mwambo wa maliro uli liti pamene anzake analengeza kale kawiri, kapena kulemba nthabwala pamene pamwamba pangolengezedwa zovuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati nthawi yachepa, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi uthenga umene wakhomeredwa pamwamba pa gulu, chifukwa n'kumene kumaikidwa zofunika. Chachiwiri ndi kachizindikiro ka @ kamene kamaoneka chakumanja wina akakutchulani kapena kukuyankhani. Mukakagwira kamakufikitsani pa uthengawo. Chachitatu ndi mauthenga a adimini, a tcheya, a mlembi kapena a msungichuma.

Mukaona uthenga wokhala ndi kabokosi pamwamba pake, dziwani kuti ndi yankho la uthenga wina. Gwirani kabokosiko ndipo mudzabwerera ku uthenga woyambawo. Mwa njira imeneyi mungatsatire nkhani imodzi kuchokera kumayambiriro ngakhale pa gulu pakukambidwa nkhani zinayi nthawi imodzi.

Musataye nthawi kupukusa chala kufunafuna uthenga wa mwezi watha. Gwirani timadontho titatu pamwamba, musankhe Search, mulembe liwu limodzi limene mukulikumbukira, monga "chipepeso", "yunifolomu" kapena "fizi". Mukaupeza uthenga umene mudzaufunenso, monga nambala ya akaunti ya sukulu kapena ndandanda ya osesa m'tchalitchi, udinikizeni muuike kanyenyezi. Onse a nyenyezi amasonkhana malo amodzi otchedwa Starred messages. Magulu ena anatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Pa gulu lotero, chilichonse chokhudza ndalama kapena tsiku chilembeni m'kope tsiku lomwelo.

Mauthenga a mawu ndi thandizo lalikulu kwa makolo athu amene maso anayamba kuvuta kapena amene kulemba kumawachedwetsa. Mukamamvera wautali, gwirani pamene palembedwa 1x kuti uthamange pa 1.5x kapena 2x. Muli m'minibasi kapena pa mzere wa kuchigayo, ikani foni kukhutu monga mukuyankha foni, ndipo mawuwo adzamveka kwa inu nokha. Nkhani za m'banja zambiri zaululika chifukwa choseweretsa uthenga wa mawu pagulu la anthu munthu asanadziwe zimene zilimo.

Musanayankhe

Poyankha, kokerani uthenga umene mukuyankhawo kumanja kuti yankho lanu limangiririke kwa iwo. Mukangolemba kuti "Eya, ndagwirizana nazo" pa gulu la anthu makumi asanu, palibe adzadziwe chimene mwagwirizana nacho. Ngati yankho likukhudza munthu mmodzi, monga kumukumbutsa ngongole kapena kumudzudzula, dinikizani uthenga wake musankhe Reply privately. Kuchititsa munthu manyazi pa gulu n'kumuvula pamsika, ndipo bala lake silipola msanga.

Ulemu wa pakhomo ugwirenso ntchito pa foni. Pa gulu la banja pali apongozi, azakhali, alamu ndi adzukulu. Wamkulu timamutchula "a", timamulembera "inu" ndi "mwadzuka bwanji", ngakhale tikulemba mofulumira. Nkhani ya imfa isamayambire pa gulu. Ana a malemu, mkazi kapena mwamuna wake, ndi eni mbumba ayenera kumva pakamwa kapena pa foni yoimba, ndipo akuluakulu akavomereza ndi pamene uthenga uponyedwe. Chithunzi cha wodwala ali pa bedi la chipatala, cha ngozi ya pamsewu kapena cha thupi la malemu musachitumize.

Ganiziraninso nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zimayendera ola limodzi, koma m'bale amene ali ku London amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Moni wa 5 koloko m'mawa kwathu umamudzutsa usiku.

Mukalakwitsa polemba, muli ndi mphindi 15 zoti mukonze uthengawo pogwiritsa ntchito Edit, ndi masiku pafupifupi awiri oti muufufute kwa onse. Komabe amene anauona anauona, ndipo wina angakhale ataujambula kale. WhatsApp imabisa mauthenga pa njira kuti anthu akunja asawawerenge, ndipo yakhala ikutero kuyambira 2016, koma singaletse munthu wa m'gulu momwemo kutengera mawu anu kwina. Gulu limodzi likhoza kukhala ndi anthu mpaka 1,024, ndipo si onse amene mukuwadziwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. M'Malawi muli lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kunyoza ena kudzera pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba m'magulu a WhatsApp.

Uthenga wa mivi iwiri

Uthenga umene wangotumizidwa kuchokera kwina umakhala ndi kamuvi ndi mawu akuti Forwarded. Ukadutsa m'manja ambiri, timivi timakhala tiwiri ndi mawu akuti Forwarded many times. Kampani ya WhatsApp inaona vuto la mphekesera: mu 2019 inachepetsa kutumiza uthenga kwa macheza asanu pa nthawi imodzi, ndipo mu April 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, inalamula kuti wa mivi iwiri uzitumizidwa kwa mmodzi yekha pa nthawi. Timivi tiwiri tikukuuzani kuti amene wakutumizirani si mwini mawuwo, ndipo mwina sadziwa kumene anachokera.

Musanakhulupirire kapena kupatsira ena, dzifunseni mafunso anayi. Wanena ndani? Wanena liti? Kodi wailesi kapena nyuzipepala yodziwika yanenapo? Nanga bwanji uthengawu ukundikakamiza kuti nditumize msanga? Za mayeso tsimikizani ku MANEB kapena kwa aphunzitsi aakulu. Za namondwe ndi mvula mverani Dipatimenti yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo. Amene anaona Namondwe Freddy mu March 2023 akudziwa kufunika kwa chenjezo loona lofika pa nthawi yake. Za mankhwala funsani kuchipatala, ndipo musasiye mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV chifukwa cha uthenga wa mawu wa munthu wosadziwika. Zithunzi zakale za kusefukira kwa madzi kapena zipolowe za m'dziko lina zimabwereranso zitamatidwa dzina la boma lakwanu. Mukapeza kuti uthenga ndi wabodza, nenani pa gulu mofatsa, osanyoza amene anautumiza.

Pamene pali ndalama

Magulu atithandiza kusonkha chipepeso, ndalama za chipatala ndi za ukwati mofulumira kuposa kale, ndipo akathyali akudziwa zimenezi. Nambala yolandirira ndalama ilengezedwe ndi adimini kapena msungichuma, ikhomeredwe pamwamba. Wina akalemba kuti nambala yasintha, imbani foni kwa munthu amene mumamudziwa mawu musanatumize. Pa Airtel Money kapena Mpamba, werengani dzina la wolandira musanatsimikize. Msungichuma azilemba ndandanda ya opereka tsiku lililonse madzulo, ndipo pamapeto afotokoze mmene ndalama zagwirira ntchito. Kuwerengera poyera kumasunga ubale.

Chinyengo chofala kwambiri ndi cha manambala asanu ndi imodzi. Mumalandira SMS yokhala ndi manambala ochokera ku WhatsApp, kenako wina, mwina wodzitcha mnzanu wa pa gulu, amakupemphani kuti mumutumizire ponena kuti inalakwika njira kapena kuti ndi yolowera msonkhano wa mapemphero. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukapereka, iye amalowa m'dzina lanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu onse. Musapereke kwa wina aliyense. Lero lomwe pitani ku Settings, Account, Two-step verification, muike nambala yachinsinsi yanuyanu ya manambala asanu ndi imodzi. Isakhale tsiku lanu lobadwa.

Chenjeraninso ndi maulalo olonjeza bandulo yaulere, ntchito za kunja, ngongole zosabweza kapena mphoto ya mpikisano umene simunalowe. Ntchito imene imayamba ndi kulipira "ya fomu" ku nambala ya munthu njokayikitsa. Chithunzi cha chiphaso cha unzika, cha khadi la ku banki kapena cha pasipoti chisaponyedwe pa gulu. Kuti anthu osawadziwa asamakulowetseni m'magulu achilendo, pitani ku Settings, Privacy, Groups, musankhe My contacts. Wina aliyense amene mulibe nambala yake adzayenera kukutumizirani pempho kaye.

Foni imodzi, banja lonse

M'nyumba zambiri foni ya WhatsApp ndi imodzi. Bambo amapita nayo kuntchito, mayi amaigwira madzulo, ana amaibwereka pofuna za kusukulu. Gwirizanani kuti amene watsegula uthenga wa mnzake amuuze, chifukwa uthenga ukatsegulidwa chizindikiro chake chimachoka ndipo mwini wake sadziwa kuti unabwera. Mungathenso kudinikiza gululo ndi kusankha Mark as unread kuti chizindikiro chibwerere. Magulu okhala ndi nkhani za akuluakulu atsekeni ndi Chat lock musanapereke foni kwa mwana.

Malamulo a WhatsApp amati woigwiritsa ntchito akhale wa zaka 13 kapena kuposerapo. Mwana amene ali ndi foni yake mudziwe magulu amene alimo ndi amene akuwayendetsa, ndipo mumuuze kuti akaona zolaula, zoopseza kapena wamkulu womulembera mseri, abwere kwa inu osaopa kukalipiridwa. Kamodzi pa mwezi tsegulani Linked devices muone ngati WhatsApp yanu sinasiyidwe yotsegula pa kompyuta ya kuntchito kapena ya pamalo osindikizira mapepala. Chimene simukuchidziwa chitulutseni.

Agogo amene sawerenga asasiyidwe kunja. Sankhani mdzukulu kapena mwana mmodzi wokhulupirika woti aziwawerengera za pa gulu la banja madzulo alionse ndi kuwajambula mawu akafuna kuyankha. Mawu awo ndi amene nthawi zambiri amathetsa mkangano umene achinyamata akhala akukokana tsiku lonse.

Mawu kwa a adimini

Uadimini ndi udindo ngati wa mkulu wa pa bwalo. Lembani cholinga cha gulu ndi malamulo ake ochepa pa malo ofotokozera gululo, kuti wolowa kumene awapeze. Kawirikawiri wolowa kumene saona zimene zinakambidwa iye asanabwere, choncho mupatseni mwachidule zimene zagwirizanidwa. Khomerani pamwamba uthenga wofunika. Mungasankhe kuti ukhalepo maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Pofuna kumva maganizo a anthu pa tsiku la msonkhano kapena mtundu wa nsalu ya chinkhoswe, gwiritsani ntchito Poll kuti aliyense angovota, mayankho asachuluke. Pa nthawi ya maliro kapena mkangano ukakula, mungatchere kwa kanthawi kuti a adimini okha ndiwo azilemba. Muli ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina aliyense, koma muzimufotokozera mwini wake kumbali chifukwa chake. Ulalo wolowera gulu musauike poyera, ndipo yatsani Approve new members kuti aliyense wolowa ayambe wadutsa kwa inu. Gulu la ukwati kapena la maliro likamaliza ntchito yake, perekani lipoti la ndalama, thokozani anthu, mulitseke.

Kutuluka m'gulu

Palibe cholakwika kutuluka m'gulu limene likukudyerani bandulo ndi mtendere. Kuyambira 2022, munthu akatuluka ndi a adimini okha amene amadziwitsidwa, ngakhale dzina lake limaonekabe kwa masiku 60 pa mndandanda wa amene anachoka. Pa gulu la anthu osawadziwa, tulukani mwakachetechete. Pa la abale, la mpingo kapena la kuntchito, tsanzikani monga mmene mungachitire pochoka pakhomo pa munthu, kapena ingolitontholetsani ngati kutuluka kungabale mafunso.

Zonsezi sizifuna foni yodula kapena maphunziro apamwamba. Zimafuna theka la ola madzulo ano. Khomerani magulu atatu ofunika, tsekani zotsika zokha, ikani nambala yachinsinsi, kenako muthandize mayi, bambo kapena agogo kuchita chimodzimodzi pa foni yawo. Kuyambira mawa, werengani kaye musanayankhe, ndipo funsani kaye musanatumize kwa ena, pakuti safunsa anadya phula.